Msilikali wa Katoni Asakwapulidwe Msanga

Kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre Lagos, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Nayuchi, misika yambiri ili ndi kanyumba koonetsera kanema. Ana amalowamo atafumbata kandalama m'manja, ndipo amatulukamo mitu itadzaza maroboti, anthu achitsulo ndi asilikali a ku nyenyezi zakutali. Masiku ano mafilimuwa akubweranso pa foni, ambiri atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi. Zotsatira zake amazidziwa bwino ndi amayi. Katoni yosungiramo zovala yasowa, chigubu chotungira madzi chapezeka chodulidwa pakati, malegeni omangira katundu panjinga ya abambo sakuoneka, ndipo kuseri kwa nkhokwe kwatulukira kamunthu kovala zonsezi, kakuyenda ngati kalibe mawondo.

Mlandu wotere kawirikawiri umaweruzidwa ndi mkwapulo, ndipo nzosadabwitsa pakuti chigubu sichitoledwa pansi. Koma mkwapulowo usanathyoledwe pali zinthu ziwiri zoyenera kuzilingalira. Mwana amene wadula katoni nkuikwanitsa pathupi pake wayamba ntchito ya umisiri imene kumaiko ena amaichita ndi anthu akuluakulu a ndevu zawo. Komanso mwana yemweyo akasiyidwa yekha angathe kudzivulaza, kapena kuvulazidwa ndi anthu amene samuzindikira. Kumkwapula sikumuonjezera luso ndiponso sikumteteza. Kumangomsamutsira kuthengo kumene kulibe wamkulu womuona.

Kuvala ngati msilikali pamene munthu sali msilikali si chinthu chachilendo m'dera lino. Akuluakulu a ku Machinga ndi ku Mangochi, pamodzi ndi abale awo a mbali ino ya malire, amaudziwa bwino gule wa beni. Dzina lakuti beni lidachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza gulu la oimba malipenga ndi ng'oma. Guleyu adayambira m'matauni a m'mbali mwa nyanja ya mchere monga Lamu, Mombasa ndi Tanga cha m'ma 1890, pamene anyamata a kumeneko adayamba kutsanzira perete wa asilikali a Azungu.

Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 ndiyo idafalitsa beni kumtunda kuno. Nkhondoyo sidali yongomva m'makutu. Mu Novembala 1917 gulu la Ajeremani lotsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck lidawoloka mtsinje wa Rovuma pa Negomano nkulowa m'Mozambique, ndipo kumapeto kwa Ogasiti 1918 lidamenyana ndi asilikali a King's African Rifles pa Lioma, kufupi ndi Gurue. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ndi a m'Mozambique adatengedwa kukakhala asilikali kapena amtengatenga. Amene adabwerako amoyo adabwera ndi perete m'miyendo, ndipo pereteyo adasanduka gule: beni pakati pa Ayao, malipenga ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, mganda ku Likoma ndi m'mbali mwa nyanja cha ku Metangula.

Ovina magulewa sankalandira zovala kuchokera ku boma. Ankasonkha ndalama, kugula nsalu ya khaki kapena yoyera, nkupita nayo kwa telala. Gulu lililonse linkakhala ndi maudindo ake, kuyambira mfumu ya gulu yotchedwa kingi, akapitawo, mpaka dokotala ndi namwino, ndipo udindo uliwonse unkaonekera pa chovala. Malipenga a mkuwa atasowa, anthu adatenga zikho nkuzisandutsa malipenga. Munthu wovala kabudula wothina kapena chipewa chogwera m'maso ankachititsa manyazi gulu lonse pampikisano. Choncho agogo a ana a lerowa adadziwa kale kuti chovala chotsanzira chimalemekezeka ndi muyeso wake.

Adadziwanso kuti chovala chotere chimautsa mantha mwa anthu ena. Atsamunda ndi amishoni ambiri sankaukonda beni. Mu 1935, anthu ogwira ntchito m'migodi ya kopa ku Northern Rhodesia atanyanyala ntchito, boma lidakayikira magulu a mbeni kuti ndiwo adayendetsa uthenga wa kunyanyalako. Za gule wamkulu sizikulowa m'nkhani ino. Zimenezo zili ndi eni ake ndi malo ake, ndipo mwana wosewera ndi katoni asayerekeze kuzitsanzira.

Chimene chasintha ndi msilikali wotsanziridwayo. Agogo ankatsanzira amene adamuona pa perete ku Zomba, pamene adzukulu akutsanzira amene amuona pa kanema. Mwa asilikali a pa kanema amene atsanziridwa kwambiri pa dziko lonse muli a m'filimu ya Star Wars, imene George Lucas adatulutsa ku America mu 1977. Asilikaliwa, otchedwa stormtrooper, amavala zoyera mbee kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Munthu akamaonera amayesa chitsulo, koma ndi pulasitiki basi.

Kapangidwe kake aliyense woumba njerwa angakamvetse, chifukwa ndi nkhani ya chikombole. Amisiri a ku England adayamba aumba chifanizo cha chiwalo chilichonse. Kenaka mmisiri wina, Andrew Ainsworth, ankatenthetsa chipepala cholimba cha pulasitiki mpaka chifewe, nkuchiyala pamwamba pa chikombole, makina nkuyamwa mpweya wonse wa pansi pake kuti pulasitikiyo ikakamire chikombolecho. Ikazizira inkatuluka ndi maonekedwe a chifuwa, ntchafu kapena chisoti. Mu 1976 mkuluyu adapanga zisoti 50 mwa njira imeneyi. Patapita zaka adayamba kugulitsa zina zotengera zikombole zake, eni filimu nkumusumira, ndipo mlandu wake udafika mpaka ku bwalo lalikulu la ku Britain, limene mu 2011 lidagamula momukomera kuti angathe kupitiriza kugulitsa m'dzikomo.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu amene adavala zovalazi pojambula filimu adaona zowawa. Timaenje ta maso tidali tating'ono kotero kuti msilikali wina adadziwombetsa mutu pa khomo, ndipo ngoziyo idatsalira m'filimu momwemo mpaka lero. Anthony Daniels, amene adavala chovala cha roboti yagolide yotchedwa C-3PO m'chipululu cha ku Tunisia mu 1976, sankatha kukhala pansi ali m'chovalacho, ndipo zidutswa zake zinkamcheka thupi. Peter Weller, mwini dzina lakuti RoboCop m'filimu ya 1987, adaijambula m'nyengo yotentha mu mzinda wa Dallas. Tsiku loyamba kuvala kokha kudatenga maola ambiri, thukuta linkamuondetsa, ndipo pokhala m'galimoto ankavala kumtunda kokha popeza ndi chovala chonse sakadakwanamo. Ngati amisiri a ndalama zambiri adavutika chotere, mwana wa lezala ndi katoni asanyozedwe pamene chake chamuthina m'khwapa.

Mu 1997 bambo wina wa ku South Carolina ku America, Albin Johnson, adayambitsa gulu la anthu okonda kupanga ndi kuvala zovala za asilikali a Star Wars. Gululi limatchedwa 501st Legion, ndipo lidakula mpaka kukhala ndi anthu oposa 10,000 m'maiko oposa 50. Mamembala ake ndi anthu a ntchito zawo, ndipo salandira munthu wosakwana zaka 18. Wofuna kulowa amatumiza zithunzi za chovala chake chakumaso, chakumbuyo ndi cham'mbali, ndipo chikapezeka ndi cholakwika amamubweza kuti akakonze. Akaitanidwa ku zochitika salipiritsa. Amapempha kuti ndalamazo zipite kothandiza ovutika, ndipo amakonda kukacheza ndi ana odwala m'zipatala. Apa pakuoneka kuti sasiyana kwenikweni ndi gulu la beni: pali maudindo, pali malamulo a kavalidwe, ndipo munthu mmodzi wovala mosasamala amagwetsa dzina la onse.

Mu Africa muno namonso zilipo. Mu 2018 ku Kyalami, pafupi ndi Johannesburg, kudachitika koyamba chionetsero chotchedwa Comic Con Africa, kumene anthu amapikisana pa zovala zodzipangira zotsanzira za m'mafilimu. Chaka chomwecho kudatuluka filimu ya Black Panther, imene zovala zake adazikonza ndi mayi Ruth Carter potengera mabulangete a Abasotho, mphete za m'khosi za Andebele ndi mikanda ya Amasai. Mayiyu adalandira nazo mphotho ya Oscar mu 2019. Mwana wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta amene waonjezera mlaza, nsungwi kapena chidutswa cha kapulana pa chovala chake sadalakwitse kanthu ayi.

Anthu a m'magulu amenewa amagula zidutswa za pulasitiki zoumbidwa kale, koma zimafika zosadula m'mbali ndiponso zosalumikiza. Ntchito yaikulu, imene imatenga masabata ngakhale miyezi, ndi yokwanitsa zidutswazo pathupi la mwini wake. Wonenepa amaonjezera timizere ta pulasitiki m'mbali, woonda amadulako. M'chisoti amaikamo thonje la matiresi kuti chisagwedezeke, ena amaikamo timafani ta mabatire. Poyenda pagulu amakhala ndi mnzawo wosavala womuongolera njira, chifukwa wovalayo saona pansi ndiponso sangatole chimene wagwetsa. Kudula nkosavuta. Luso lagona pa kuyeza, ndipo kuyeza sikulira ndalama.

Mwana wofuna kupanga chovala chotere ayambe ndi chingwe, mpeni ukhale kaye apo. Tepi ya telala ikasowa, chingwe cha mlaza kapena cha thumba chimakwana, bola aikepo mfundo pamene muyeso wathera. Chifuwa chiyezedwe mwanayo atakoka mpweya wonse, ndipo pamuyesowo aonjezerepo zala zitatu. Akayeza atatulutsa mpweya, chovalacho chidzamkanikiza akangoyamba kuthamanga. Kudziyeza wekha kumanamiza popeza munthu amapindika poyang'ana chingwe, choncho pafunika mnzake. Mutu umodzi susenza denga.

Muyeso ukapezeka, ujambulidwe kaye pa nyuzipepala yakale kapena pa pepala lina lopanda ntchito, lidulidwe, nkuliyesa pathupi. Umu ndi mmene amachitira telala aliyense wosafuna kuononga nsalu ya mwini. Pepala likakwana bwino ndi pamene liikidwe pa katoni. Chidutswa cha dzanja lamanja chikatembenuzidwa chimapereka cha lamanzere, ndipo ana ambiri amaononga katoni chifukwa chodula manja awiri a mbali imodzi. Katoni nayo ili ndi msempha wake. M'kati mwake muli timizere toyenda mbali imodzi, ndipo ikapindidwa motsata timizereto imazungulira mkono bwinobwino, pamene ikapindidwa mopingasa imathyoka.

Lamulo lalikulu nlakuti cholimba chisafike pamene thupi limapinda. Chidutswa cha mkono chithere zala ziwiri chisanafike pa chigongono, ndi zala ziwiri chisanafike polumikizira dzanja. Cha ntchafu chisakhudze bondo kapena mphechepeche. Cha msongolo chidulidwe motsika kumbuyo kwa bondo kuti mwendo uzipinda. Cha pachifuwa chisiye malo m'khwapa ndi pakhosi, ndipo chithere pamwamba pa mchombo kuti mwana athe kuwerama. Mipata yotsalayo imabisika ndi malaya akuda ovalira m'kati, ndipo ndi mmenenso adachitira a Star Wars.

Kulemera konse kukolekedwe pamapewa ndi m'chiuno ndi malamba a nsalu, monga mmene chikwama cha kusukulu chimakhalira. Malegeni a chubu cha njinga ndi abwino polumikiza chidutswa ndi chinzake chifukwa amatamuka, koma asamangidwe mozungulira mkono kapena mwendo mothina, popeza amatseka magazi. Dzanja likayamba dzanzi kapena kutupa, chovalacho chivulidwe nthawi yomweyo. Pakhosi pasadutse chingwe, waya kapena mphira wa mtundu uliwonse. Nsonga za waya zipindidwire kunja, ndipo m'mphepete monse mokhudza khungu mukutidwe ndi sanza.

Chisoti ndicho chimavuta koposa. Muyeso wake utengedwe mozungulira mutu modutsa pamwamba pa makutu ndi pansonga ya mphuno, chifukwa chisoti cholowa pamphumi chimatha kukakamira pamphuno potuluka. Njira yotsika mtengo ndiyo kumata mapepala ong'ambang'amba pamwamba pa mphika wovundikira, pogwiritsa ntchito phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Mphikawo ukutidwe kaye ndi jumbo kuti mapepala asaukakamire, ndipo mapepalawo amatidwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kudikira kuti aume asanaonjezere ena. Chipanda chachikulu chong'aluka chimene amayi adachitaya chimagwiranso ntchito. Maenje a maso akhale aakulu, kukamwa ndi kumakutu kubooledwe kuti mpweya ndi mawu zizilowa. Ntchito yonseyi ndi ya chilimwe, pakuti katoni ndi mapepala zikakumana ndi mvula zimasanduka phala.

Chovala chikatha chiyesedwe pamaso pa wamkulu. Mwana akhale pansi ndi kudzuka yekha. Akweze manja onse kumwamba. Ayang'ane pansi nkuona zala za kumapazi kwake. Amwe madzi m'kapu. Avule chisoti yekha mwamsanga popanda womuthandiza. Potsiriza anyonyomale kapena agwade monga mmene amachitira popereka moni kwa agogo ake. Chovala chimene chikuletsa mwana kupereka ulemu kwa akulu ndiye kuti sichidathe, ndipo chibwerere pa mpeni.

Zinthu zina siziyenera kulowa m'masewerawa ngakhale pang'ono, ndipo apa ndi pamene diso la kholo likufunika. Choyamba ndi zigubu ndi mabotolo a mankhwala a thonje, a fodya ndi a mbewu zina, amene m'dera la alimi ngati lino amapezeka paliponse. Pulasitiki imamwa mankhwala, ndipo ngakhale itsukidwe kangapo sadzatheratu. Mwana akaivala pathupi la thukuta, mankhwalawo amalowa pakhungu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, kusanza, malovu ambiri ndi kubanika. Wotere avulidwe zonse, asambitsidwe ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo athamangire naye kuchipatala atatenga chigubucho kuti achipatala adziwe mtundu wa mankhwala.

Chachiwiri ndi moto. Ana amadziwa kuti pulasitiki imafewa ikatenthedwa, ndiye amaiika pa mbaula. Ikasungunuka imadontha nkukakamira pakhungu, ndipo chilonda chake chimakhala chakuya. Utsi wa mapaipi a pulasitiki ndi woipa kwambiri chifukwa umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Guluu wa nsapato nayenso amaledzeretsa akanunkhizidwa m'nyumba yotseka, ndipo amayaka msanga, choncho agwiritsidwe ntchito panja, kutali ndi moto, ndipo chisoti chomatidwa ndi guluuyu chigone panja masiku angapo chisanavalidwe. Wovala makatoni asayandikire moto kapena koloboyi. Malata ndi zitini zodula ndi mipeni yeniyeni, zisiyidwe kwa okhoma zidebe. Makala a m'mabatire si utoto, ndipo laimu wopaka nyumba amawotcha khungu. Dothi loyera, mwaye ndi utoto wosungunula ndi madzi nzokwanira.

Chachitatu ndi dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala chigwa cha nyanja ya Chilwa chimatentha ngati ng'anjo, ndipo m'kati mwa chovala chotseka mumatentha koposa. Mwana asakhalemo nthawi yaitali, amwe madzi pafupipafupi, ndipo akayamba kudzandira kapena kuyankhula zosamveka avulidwe, agonekedwe pamthunzi ndi kuthiridwa madzi. Auzidwenso momveka kuti chovalachi nchoonetsa chabe. Sichitchinga mwala wa legeni, muvi kapena chibakera, ndipo diso likaphulika silibwerera. Ndi chisoti kumutu asakwere njinga, asawoloke msewu, ndipo asayandikire njanji, pakuti sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala siziima chifukwa cha mwana amene sadamve kulira kwake.

Chachinayi ndi zitsulo za kuthengo. Nkhondo idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo mu Sepitembala 2015 boma lidalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira achotsedwa. Komabe zotsalira za nkhondo zimatha kutulukira polima kapena madzi akakokolola nthaka. Ana obadwa mtendere utabwera sadziwa maonekedwe ake, ndipo kwa mwana wofuna chokongoletsera chovala kachitsulo kozungulira kadzimbiri ndi chuma. Aphunzitsidwe kuti chitsulo chosadziwika sachigwira, sachigenda ndiponso sachitenga. Amaika chizindikiro patali nkukauza mfumu kapena apolisi. Safunsa adadya phula.

Chomaliza, chimenenso chili choopsa kuposa zonse, ndi mantha a anthu. Dera lino lidathawapo nkhondo, ndipo pofika 1992 anthu oposa 1,000,000 a m'Mozambique adali atabisala ku Malawi. Amene adaona zimenezo saseka akakumana ndi munthu wobisa nkhope atanyamula chooneka ngati mfuti. Kuyambira mu Okutobala 2017 ku Cabo Delgado kwakhala kukuchitika ziwembu za zigawenga, ndipo kumapeto kwa 2021 zidafika m'boma la Mecula m'chigawo chomwechino cha Niassa. Mu 2017 momwemo, mphekesera za anamapopa zitawanda ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osachepera 9 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya pongowaganizira chabe. Gulu lamantha silifunsa kuti m'katonimo muli mwana wa yani.

Nchifukwa chake chovala chotere nchamasana okha, pabwalo la mudzi umene mwanayo amadziwika. Dzuwa likapendeka chivulidwe. Chisafike kufupi ndi malire, ku siteshoni, kapena pamene pali apolisi ndi asilikali ali pantchito yawo. Chisakhale ndi mabalamabala a yunifolomu yeniyeni ya asilikali, chifukwa kudzionetsa ngati msilikali kapena wapolisi pamene suli ndi mlandu mbali zonse ziwiri za malire. Kuopseza nacho ana aang'ono, amayi opita kumadzi kapena okalamba kuletsedwe ndithu, ndipo wochita zimenezo alandidwe chovalacho.

Nanga mfuti yamtengo? Dziko lino lili ndi yankho lake. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu m'Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Zida zambirimbiri zidadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo adazisandutsa zosemasema. Mmodzi mwa iwo, Cristóvão Canhavato, adapanga mpando wa zidutswa za mfuti mu 2001, umene udakasungidwa ku British Museum mu mzinda wa London. M'dziko limene akulu adadula mfuti zenizeni, sizikomera kuti ana azisema zatsopano. Roboti ingathe kunyamula chishango, tochi, kapena ndodo ngati ya mtsogoleri wa malipenga, ndipo kukongola kwake sikuchepa.

Tsono mlandu wa chigubu chodulidwa uweruzidwe bwanji? Kutenga chinthu cha amayi popanda kupempha ndi kulakwa, ndipo luso silifafaniza kulakwako. Mwanayo apepese ndipo abweze, kaya ndi ganyu, kaya ndi kutunga madzi masiku angapo ndi ndowa. Koma akatha kubweza, amalume ake, amene ndiwo eni mbumba, angachite bwino kumuitana nkumuuza kuti, "Tabwera nacho kuno, mphwanga, tione mmene wachilumikizira." Mwana amene wamva mawu oterewa ulendo wina adzayamba wafunsa kuti, "Amalume, kodi katoni ili paseli ija ili ndi ntchito?" Kuongola mtengo mpoyamba.

Anthu a ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi adaphunzirapo kanthu pa nkhani yonga iyi. Mnyamata wa kumeneko, William Kamkwamba, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa kwa fizi, ankangokhalira kutoleza zitsulo ndi mapaipi kudzala, anthu nkumamunena kuti wapenga. Cha m'ma 2002, ali ndi zaka 14, adaimika makina oyendera mphepo opangidwa ndi njinga yakale ndi zotolatolazo, ndipo nyumba ya makolo ake idayaka magetsi. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009 ndipo filimu yake idatuluka mu 2019. Si mwana aliyense wodula katoni amene adzafike pamenepo, ndipo makolo asanamizidwe kuti chovala cha roboti chidzadzaza nkhokwe. Koma mwana wodziwa kuyeza, kujambula papepala asanadule, kusiya malo olumikizira ndi kukonza cholakwika popanda kutaya mtima wagwira kale chiyambi cha ntchito ya telala, kalipentala, wowotcherera zitsulo, wokhoma zidebe ndi wosoka nsapato. Ntchito zimenezi zimadyetsa mabanja pa msika uliwonse wa m'boma lino. Atsikana nawonso asakankhidwire kumbali, popeza muyeso sufunsa kuti chingwe wagwira ndani.

Masewerawa asalande nthawi ya sukulu, ya kumunda kapena yoweta mbuzi. M'malo mwake aphunzitsi angathe kuwagwiritsa ntchito pophunzitsa masamu, pakuti mwana amene wayeza mutu wa mnzake ndi chingwe, nkuyala chingwecho pa rula, saiwalanso tanthauzo la masentimita. Eni magolosale amene amawotcha makatoni kuseri kwa sitolo angachite bwino kuwaunjika pambali. Telala wa pakhonde ataya chiyani akapatsa ana tizidutswa ta nsalu ndi kuwaonetsa kagwiridwe ka tepi?

Mafumu ndi makomiti a sukulu ali ndi njira yapafupi yochotsera masewerawa kuthengo. Pa tsiku lotsekera sukulu, kapena pa 1 Juni pamene dziko lino limakumbukira ana, papatulidwe nthawi yoti opanga zovalazi aonetse ntchito yawo masana, mudzi wonse ukudziwa. Aliyense alowe m'bwalo chisoti chili m'manja, atchule dzina lake ndi la kwawo, kenaka avale. Oweruza akhale telala, mmisiri wa zidebe ndi mkulu mmodzi amene adavinapo beni, ndipo mphotho ipite kwa amene chovala chake chamukwana, akutha kuyenda, kugwada ndi kuvina nacho popanda chidutswa kugwa. Okalamba a beni akuchepa chaka ndi chaka, ndipo ambiri a iwo palibe amene adawafunsapo mmene ankakonzera zipewa ndi malamba awo. Ana a makatoniwa ndiwo oyenera kukawafunsa akadali moyo.